Munandiwonongera makutu, a Namakhwa

Lero ndadutsa pachigayo cha ku Jenala, ndangozindikira ndikung'ung'udza noti ya "so". Zonsezi ndi inu, a Namakhwa! Chaka chija pulayimale itangokhala yaulere, mukutiphunzitsa ife aphunzitsi atsopano kaphunzitsidwe ka nyimbo, munandiimitsa pomwepo dzuwa likuswa mtengo. Munaimba "do", n'kunena kuti sitichoka mpaka nditchule noti ya chigayocho. Nditadandaula munati, "Ku Nkhulambe kulibe piyano. Anawo ukawaphunzitsa ndi chiyani, iwe wosamva?"

Munandiwonongera makutu, bambo. Belu la njinga, tambala, ngakhale mkazi wanga akamakalipa, ine ndimangomva do-re-mi. Pamaliro anu penipeni kwaya inaphonya noti ya nyimbo. Anthu onse akulira, ine ndinali tcheru kudikira kuti mugogode bokosi, muwauze ayambirenso. Mpaka lero ndikadali wokwiya kuti simunagogode.