Lamba wa a Yotam Mbao

Ku Nsefu mukafunsa za a Yotam Mbao, ena adzakuuzani kuti ndi sikauti wa nyama uja adapulumuka pa nyanga za njati, ena adzati ndi mlaliki uja adatsitsidwa paguwa. Onsewo sakunama, munthu wake ndi mmodzi yemweyo.

Adabadwira komweko, m'banja la alimi a thonje. Sukulu idawathera panjira, poti dzinja likafika msewu unkasanduka dambo, mwana n'kukhala pakhomo mpaka madzi ataphwa. Atakula adalembedwa ntchito yolondera nyama: kuzula misampha ya waya m'tchire, kupirikitsa njovu m'minda ya anthu, ndi kugwira opha nyama mozemba, amene kawirikawiri ankakhala ana a anansi awo omwe. Ntchito yodanitsa ndi abale imeneyo, koma iwo ankaigwira mosayang'ana nkhope. Lamulungu likafika ankavala jekete lakuda n'kukwera paguwa. Sankakalipa polalikira. Ankayankhula motsitsa ngati akucheza nawe pakhonde, moti ngakhale zidakwa zinkabwera kudzamva.

Njati ija idawapeza ali kale ndi ana awiri. Idavumbuluka m'tsekera n'kuwang'amba ntchafu, ndipo kuyambira pamenepo amayenda chotsimphina. Mwendo udapola, koma mtima ayi. Akangoona udzu wautali, mantha ankawagwira, thukuta lili kamukamu. Akazi awo, a Fridah, ataona kuti mwamuna akutha ndi mantha ndipo ntchito iwapulumuka, adawoloka mtsinje kupita kwa sing'anga, n'kubwerako ndi kanthu kokulunga m'kachikopa. Adakasokera m'kati mwa lamba wa yunifolomu. Sadakambirane. A Yotam adamva kanthu kakuwagunda m'chiuno, adadziwa, n'kubwerera kutchire. Zaka zidapita choncho, m'mawa uliwonse akugwada kupemphera, chithumwa chili m'chiuno. Amene akufuna kuwaseka ayambe kaye wamva mpweya wa njati pankhope pake.

Tsono kudabwera mayi wina wochokera kuyunivesite ina ku Lusaka, dzina lake Cynthia. Ankaphunzitsa za chipembedzo ndi khalidwe la munthu pantchito, ndipo ankafufuza momwe masikauti opemphera amagwirizanitsira chikhulupiriro ndi ntchito yawo yamfuti. Akadakhala munthu wamwano, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma anali waulemu zedi: ankavala chitenje, ankagwada popereka moni kwa akulu, ankamwa madzi a pachitsime osachita nawo tsinya. Tsiku lina adakhala ndi a Yotam pansi pa mtengo wa mvunguti, foni yojambulira mawu ili pampando.

"Bambo Mbao," adatero Cynthia, "dzina lanu sindidzalitchula paliponse. Ndi lamulo la kuntchito kwathu, komanso ndi lonjezo langa. Ndiuzeni, mukamalowa m'tsekera muja, chimakulimbitsani mtima n'chiyani?"

"Pemphero, mayi," adayankha.

Cynthia sadawonjeze funso, adangodikira. Ndipo kudikira kumeneko n'kumene kudawagonjetsa. Pa zaka zonse zija palibe adawafunsapo za mantha awo, ndipo chinsinsi chimalemera kuposa thumba la thonje lonyowa. Adamasula lamba, n'kumutembenuza, n'kuonetsa pomwe padasokedwa. Adafotokoza zonse, kupatula za amene adasokapo. Tsiku limenelo adabwerera kunyumba thupi lili pepuu.

Chaka chotsatira, nthawi ya dzuwa lowamba lija, Cynthia adabweranso. Lamulo lina la kuyunivesite limati ukafufuza pakati pa anthu, ubwerere ukawauze zomwe wapeza, usakhale ngati uja amakolola m'munda wa eni n'kuzimiririka. Lamulo labwino ndithu, ndani angalitsutse? Msonkhano udachitikira m'kalasi ya pasukulu. Mudadzaza masikauti, akuluakulu a mpingo, ndi amayi a chigwirizano, a Fridah ali pakati pawo.

"Pali bambo wina, tingomutcha Gideon," adayamba Cynthia. "Adavulazidwapo ndi njati, ndipo Lamulungu amalalikira. M'lamba mwake muli chithumwa."

Adapitiriza kumuyamikira Gideon uja. Adati ndi munthu woona mtima, amene wasenza Baibulo ndi nzeru za makolo pathupi limodzi, ndipo ophunzira ake ku Lusaka amatolapo zambiri pa nkhani yake. Mwina ku Lusakako alaliki otsimphina chifukwa cha njati amagulitsidwa pamulu ngati tomato, kaya. Ku Nsefu aliko mmodzi. Palibe adatembenuka kuwayang'ana a Yotam, ndipo zimenezo zidawawa kuposa kulozedwa chala. A Fridah adazyolika, maso pa zala zawo zakuphazi.

Cynthia adaona nkhope za anthu, n'kuzindikira mochedwa. Madzulo adafika pakhomo pa a Yotam misozi ili lengelenge, akupepesa. Iwo adamupatsa mpando monga mwa masiku onse.

"Dzina mudasinthadi, mayi, simudaname," adatero. "Koma mwendo uwu mukadausintha bwanji?"

Cynthia adati akalankhula ndi abusa, akafotokoza. A Yotam adapukusa mutu. Madzi akatayika saoleka, ndipo m'mawa mwake galimoto idamutenga mayi uja kupita naye kubwalo la ndege ku Mfuwe.

Akuluakulu a mpingo sadachedwe kuwaitana a Yotam. Adawauza kuti chithumwacho chiwotchedwe pamaso pa onse. A Yotam adatenga mpeni, n'kudula okha ulusi, n'kuponya kachikopa kaja pamoto kuseri kwa tchalitchi. Kadanunkha ngati ubweya wa mbuzi, basi. Atafunsidwa kuti adasokapo ndani, adati, "Ndine ndekha." Lidali bodza, ndipo adalinena mwadala kuti akazi awo asavulidwe yunifolomu ya chigwirizano.

Kenako abusa adanena mawu amene adaipitsa zinthu.

"A Mbao, tikudziwa kuti simuli nokha. Titchulireni anzanu amene ali nazo zimenezi, kuti mpingo uyere. Mukatero mupumako pang'ono, kenaka mubwerera paguwa."

Guwalo ankalifuna, tisaname. Ndi malo okhawo pomwe ankaimirira osakumbuka kuti ndi wopunduka. Ndipo mayina ankawadziwa onse, pakuti anthu oyenda limodzi m'tchire amasamba pamtsinje umodzi, ndipo palibe chobisika pathupi. A Yotam adayang'ana phulusa.

"Abusa, za m'chiuno mwa mnzanga sindizidziwa," adatero.

Adawadula mumpingo. Jekete lakuda lija lidalowa m'sutikesi.

Ntchito sadasiye, ana akadadya chiyani? Amapitabe kutchire, m'chiuno muli zii, mantha ali ngati kale. Anzawo amawatalikira, ati munthu wovula mankhwala amaitana tsoka, choncho polowa m'tsekera amawasiya atsogole okha. Akanyamuka, a Fridah amaima pakhomo mpaka mwamuna atabisika m'mitengo ya tsanya, ndipo chakudya sichiwalowa mpaka atabwerako. Zimamvetsa chisoni, ndiponso zimakwiyitsa, chifukwa pa nkhani yonseyi palibe ndi mmodzi yemwe amene adafuna kuchita choipa.

Kutchalitchi sajomba. Amakhala pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Pamalo pawo paguwa adasankhapo a Remmy, sikauti mnzawo amene akhala akuyenda nawo m'tchire kuyambira unyamata, munthu wovala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa liswe mtengo. A Yotam amadziwa chimene chidamangidwa pamkono pansi pa malayawo.

Lamulungu la Mgonero, a Remmy ndiwo adanyamula thireyi ya timakapu. Adayenda benchi ndi benchi mpaka adafika kumbuyo, n'kuima patsogolo pa a Yotam. Munthu wodulidwa salandira, onse awiri ankadziwa. Koma a Remmy adakanika kusuntha. Anthu adayamba kutembenuka. A Yotam adawayang'ana mnzawoyo kamodzi, kenako adapinda manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu.

"Pitirirani, achimwene," adanong'ona. "Anthu akuona."

Thireyi idapitirira.