Nthenga ya nkhuku m'botolo la ayodini

Agogo aChisale, lero ndanyansidwa mpaka ndakukumbukani. Alamu anga adzitema ndi chikwanje podula mitengo ya chigafa cha fodya, ndiye ndawapeza atamata ndowe pabala, akupaka ayodini pamwamba pake ndi nthenga ya nkhuku yotola pabwalo. Nthengayo n'kumaibwezeranso m'botolo, ntchentche zili piringupiringu! Powauza kuti ayambe atsuka, akuti, "Alamu, mankhwala achikuda ndi achizungu akathandizana, bala silichedwa kupola."

Mukukumbuka tsiku lija ndinadzitema pamwendo ndi khasu ndili kamtsikana? Amayi anali atayamba kale kutafuna fodya kuti alavulire pabalapo, inu n'kuwakankhira uko. Munawiritsa madzi, n'kudikira kuti azizire, munasamba m'manja ndi sopo, n'kutsuka balalo mpaka dothi lonse litachoka, ine ndikukuwa. Kenako munadonthetsa ayodini pang'ono pa thonje latsopano. Munati pamene munkamanga mabala ku mishoni, azungu atangofika kumene, amtengatenga ankatsika m'mapiri a Ntchisi atamata ndowe, zilonda zili mphutsi zokhazokha, ena n'kudulidwa miyendo, ndipo miyendoyo munkakakwirira ndinu kuseri kwa chipatala. "Ayodini sapaka pa litsiro, mdzukulu wanga." Ndiye lero botolo la alamu lija ndaliponya m'chimbudzi, bala ndatsuka ndekha, ndipo alamuwo ndawakweza pa njinga kupita kuchipatala akunditukwana. Atukwane. Chipsera changa chilipobe, agogo, koma mwendo ndikuyendera womwewo.