Kraisisi ya Dailesi

Ntchito ya pachipatala cha mishoni kufupi ndi Sinda anandipezera ndi azakhali anga, amene ankachapa nsalu za odwala kumeneko. Yanga inali kuwiritsa majakisoni agalasi pa pulaimasi, kunola singano zobuntha pakamwala, ndi kukolopa mu wodi ya ana. Zinali zaka zija sopo ndi ufa tinkaimira pamzere, wailesi ikungoti dziko lili pa kraisisi. Ine ndinkayesa kraisisi ndi kusowa kwa zinthu basi.

Sisita wamkulu, a Tembo, mayi wosaseka, ankatchula liwu limeneli pa zinthu zina. Mwana wa matenda a magazi akamalira ndi mafupa, kraisisi. Wachibayo thupi likafika potentha penipeni, kraisisinso. "Liwuli ndi la Agiriki," anandiuza. "Ndi nthawi yogamula mlandu. Thupi likugamula ngati mwana akhala kapena apita."

Dailesi anali kamtsikana kachibayo. Bambo ake, a Mwale, anabwera nako panjinga, amayi ake akutsatira wapansi. Bambowo ankagona pakhonde, ndipo zonse za matendawo tinkauza iwo. Tsiku lovutalo mwana anatentha ngati chiwaya, akupuma mobanika, ine ndikumupukuta ndi nsalu yonyowa. A Tembo anati, "Akatuluka thukuta lero, wapulumuka. Penisilini asadumphe."

Masana amalume a Dailesi anafika ndi ngolo. Sanaone mmene mankhwala ankagwirira dzulo ndi dzana. Anaona mwana akutembenuza maso, basi.

"Mwana wathu sangafere kuchilendo. Mnyamuleni."

"Bambo, tipatseni lero lokha," anatero a Tembo, n'kutembenukira kwa a Mwale. "Inu, nenani kanthu!"

A Mwale anayang'ana pansi. "Ine ndine mkamwini chabe, amayi. Mwini mbumba ndi awa."

Amayi a Dailesi anamubereka akulira. Ndinawaperekeza mpaka pangolo, nsalu yonyowa ija idakali m'manja, mtima ukundiwawa koopsa. Ndinakwiyira amalumewo, ndinakwiyiranso bambo wofatsa uja, koma sindinali woti n'kutsegula pakamwa.

Uthenga unabwera ndi mnyamata wogulitsa makala. Dailesi anafera m'ngolo, pamsewu, mudzi usanaoneke n'komwe.

Ndinagwira ntchito mu wodi imeneyo mpaka tsitsi linachita imvi. Mwana wodwala kwambiri akalowa, ena ankathamangira kumuyeza kutentha. Ine ndinkakokera amayi ake pambali n'kufunsa kuti amalume a mwanayu ali kuti, ndipo ndani angakawaitane lero lomwe.