Chaka chimene ndinawafunira atate mwezi

Ndikatseka maso ndimaonabe miyendo itatu yachitsulo itaima pa njerwa kuseri kwa nyumba yathu ku komboni ya George, matope ali ponseponse, ine nditagwada ndi chitenje cha amayi paphewa kuti mvula ikangodontha ndifunditse chinthucho ndisanadzifunditse ndekha. Inali Ramadani ya m'dzinja, mango akuwolera m'ngalande, chimanga chowotcha chikununkhira kumsewu ife tili ndi njala ya tsiku lonse, ndipo ndinali kamtsikana kongoyamba kumene kusala nawo kudya.

Atate anali telala, anachoka ku Malawi ali mnyamata. Salaula, zovala zovalidwa kale zija, itadzaza m'misika anthu analeka kusoketsa, inangotsala ntchito yochepetsa mathalauza a m'mabelo, koma chimene chinawafooketsa si chimenecho ayi, ndi maso. Ng'ala inayamba kuyera konse kuwiri, ulusi pasingano ndinkawalowetsera ndine. Chaka ndi chaka, kusala kukamatha, amuna a kumzikiti ankadzera kwathu kudzawatenga kuti akafune mwezi watsopano pachulu chachikulu, chifukwa atate ndiwo ankayamba kuuona, kaulusi koyera kamene ena onse ankakaphonya. Chaka chathacho amunawo anangodutsa osagogoda. Atate anakhala pamakina manja ali pamaondo, koma ine ndinaona.

Chinthucho chinabwera ndi amalume, amene ankasamalira maluwa kumayadi. Kampani imene bwana wawo ankagwirako ntchito itagulitsidwa, bwanayo anabwerera kwawo n'kuwasiyira chibokosi, iwo anayesa kuchigulitsa koma anthu ankati ndi paipi ya kuchimbudzi. Dzina lake akuti telesikopu, ana anzanga ankangoti chimfuti. Pepala lake linali la Chizungu chondikulira, koma linali ndi zithunzi, ndipo chomaliza chinali cha munthu akuyang'ana mwezi. Basi ndinatsimikiza mumtima kuti atate auona chaka chino, zivute zitani.

Ndikabwera kokatunga madzi, mbale nditatsuka, ndinkakhala nacho. Miyendo inkatitimira m'matope mpaka ndinaiikira njerwa. Sikuluwu imodzi inasowa, ndinapempha ya m'kabati ya makina a atate. Poyamba ndinkasuzumira kukamwa kwa chipaipicho n'kumangoona nkhope yanga pagalasi lalikulu la pansi, kenaka ndinazindikira kuti diso umaika m'mbali, pakagalasi kolowetsa, ndipo pali kachitsulo kopotokola mpaka zinthu zioneke bwino. Kapaipi kakang'ono kapamwamba ndi kolozera, koma kankaloza kwina chachikulu kwina, ndiye masana ndinkalunjika pamtengo wamagetsi wakutali n'kumasuntha tomangira take mpaka zonse ziwiri zigwirizane. Papepala paja dzuwa analidula ndi mzere wofiira, ndipo ndinaliopa ngati njoka, mwana aliyense woyandikira masana ndinkamuthamangitsa ndi tsache. Bamake Tisa, a nyumba yoyandikana nafe, ankafuula ali pamtondo: “Iwe mwana, ufuna kutishuta? Vinthu va bazungu ivi vizakuononga menso!” Ndinkaseka, koma chivundikiro ndinkabwezerapo msanga.

Pakati pa Ramadani mwezi unali wathunthu, ndipo tikangomasula kusala, tiyi akadali kukhosi, ndinkathamangira panja. Tsiku limene ndinaugwira koyamba ndinakuwa, unali ndi maenje ngati msewu wathu, koma ndisanaitane munthu unali utatsetsereka n'kutuluka m'galasi. Ndipamene ndinadziwa kuti mwezi suima, umafunika kuutsata, kukankha pang'onopang'ono ngati ukusuntha mwana wogona. Ndinaphunzira mpaka manja anazolowera. Atate sindinawaitane, ndinkaopa kuti akalephera kuona waukuluwo adzakana kuyesa waung'ono.

Madzulo ofunira mwezi mvula inagwa yosalekeza, palibe anauona, kumzikiti anangoti tisale tsiku lina limodzi ndipo Idi ifika yokha. Mboni sinkafunikanso. Amayi anati ndisiye, ndikande ufa wa mandasi, koma mawa lake mitambo itang'ambika kumadzulo ndinasiya beseni, manja ali ndi ufa, n'kudikira dzuwa lilowe lonse. Mwezi ndinaupeza pamwamba pa malata a anthu, woonda, ndipo ndinawagwira atate dzanja n'kuwatulutsa. Anawerama, anakhala kanthawi, kenaka anati, “Ndauona, mayi. Zikomo, tiye m'nyumba.” Ndinasuzumira ine. Munalibe kanthu, unali utatuluka kalekale. Ndinati, “Atate, mulibe mwezi m'menemo. Weramaninso.” Sindinali nditawayankhapo choncho chibadwire.

Ndinaubweza pakati, ndinaika zala zawo pakachitsulo kopotokola kuti adzipotokolere okha, poti diso lawo silinali langa, ine n'kumakankha chipaipi mongoyerekeza, mitambo ikubwerera, mwezi ukutsikira kumalata, udzudzu ukundidya m'miyendo osaupha. Kenaka anati, mokwiya ndithu, “Iwe, wauchita chiyani mwezi? Watsopano umagona chagada, uwu wavundikira ngati mbale yotsuka!” Magalasi aja amaonetsa zinthu chozondoka, ine ndinali nditazolowera ndipo sindinawauzepo. Munthu wongonditonthoza sakanadziwa zimenezo. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kulira, iwo akadali chiweramire, akuudzudzula mwezi n'kumaseka.

Chaka chotsatira maso awo anatsekeka onse. Galasi lija linachita nkhungu, pachulu pamangidwa nyumba, za mwezi anthu amamvera pafoni. Lero ndili ndi mwana wanga woyamwa, ndipo m'diso lake lakumanzere muli kanthu koyera kamene kamawala nyale ikamuunika, ndimayendetsa supuni patsogolo pake tsiku lonse kuona ngati akuitsata, mwina amatsata mwina ayi, tulo sindikupeza. Achibale akuti ali bwino, azimayi a pampopi akuti ni vaung'ono chabe, adzakula nako. Amandikonda, ndikudziwa, ngati mmene atate anandikondera pondiuza kuti auona. Koma mawu a “tiye m'nyumba” ndinawamva kale ndili mwana. Mawa ndimubereka, ndikwera minibasi, ndipo kuchipatala sindikachokako mpaka wina awerame n'kuyang'ana m'diso limenelo bwinobwino.