Kansalu Kamene Ndinakwecha ndi Mchenga

Chitsime chathu ku Mualadzi chili kumunsi kwa munda wa amalume. Mvula ikagwa, adubu, feteleza amene amathira m'chimanga, amatsetserekera komweko. Khanda la kwathu litayamba kuda milomo, anamwino anati vuto ndi madziwo. Ine ndine wa mtima wapachala, ndinangonyamula chikwanje kuti chimanga chonsecho chigone pansi.

Anandigwira mkono ndi alongo anga, amene amaphunzira ku yunivesidade ndipo anali atabwera kudzapuma. Anandipempha masiku atatu okha. M'chikwama anatulutsa botolo, mawaya ndi kansalu kakuda bii. Anati poizoniyo ndi nitrito, ndipo pakansaluko pali timbewu ta chitsulo tosaoneka ndi maso, tokhala kamodzikamodzi ngati chimanga cha njere imodzi paphando. Magetsi akadutsapo, nitrito amasanduka amoniya, chakudya cha mbewu. Sukulu ndinaithawa kalasi yachisanu, koma za phandozo ndinazimva!

M'mawa alongo ali kumtsinje, ndinaona kansaluko kali ngati mwaye wa pampoto. Chinthu chakuda choncho chiyeretse madzi? Ndinatenga mchenga ndi phulusa, n'kukakwecha ndi mphamvu zanga zonse.

Atabwera anakhala pansi, manja kumutu.

"Achimwene, mwakolola munda wonse usanamere."

Ndinamenya chibakera pamtondo, chala n'kutupa. Anandisiya ndizizire, kenako n'kunena kuti m'chikwama mwatsala kansalu kena kamodzi, ndipo ine ndigwire waya basi.

Tinathira madzi a pachitsime m'botolo, n'kuviikamo kansaluko, n'kulumikiza mawaya ku batire la painelo ya dzuwa, ine ndikudumphadumpha ngati ndaponda linthumbu. Tsiku lachitatu kapepala koyezera, kamene kankafiira tikakaviika, kanangotuwa. Ndinathamanga wopanda nsapato kukaitana amalume omwe aja ndinkafuna kuwagwetsera chimanga.

Ananunkhiza botolo n'kukwinya mphuno.

"Kafungo ka m'khola la mbuzi aka. Ndiye adubu wanga ameneyu?"

"Wanu ndithu, amalume," ndinayankha. "Timamwa ife."

Alongo anawauza mosabisa kuti kabotolo sikangayeretse chitsime chonse, ndipo khanda lizimwabe madzi a pamjigo. Kenako amalume anandiuza ndibweretse chikwanje chija. Ndinadula nacho zikhomo, ndipo anakhoma okha malire a pamene adubu azilekezera. Madzi a m'botolo ndinathirira phando limodzi la m'munda mwawo.