Wotseka Phiri

A Ettore Giraudo anali munthu wobwera pambuyo moyo wawo wonse, ndipo ankanyadira zimenezo. Paphiri la kumudzi kwawo, pomwe anthu ankatsetsereka pa chipale chofewa atamanga matabwa kumapazi, ntchito yawo inali yotseka phiri. Dzuwa likapendeka, chingwe chokokera anthu kumtunda chikaima, iwo ankayambira pamwamba penipeni n'kumatsika pang'onopang'ono, akusuzumira m'maenje ndi kuseri kwa mitengo, uku akufuula kuti, "Alipo watsalaaa?" Wotseka salola munthu kutsala kumbuyo kwake. Anatolapo ana osochera, zidakwa zokhuta kachasu wa mphesa, ndi mtsikana wina wothyoka mwendo dzina lake Delfina. Ameneyo anamubereka kumsana mpaka kumunsi, ndipo chaka chisanathe anali mkazi wawo.

Kenako chipale chinayamba kuchita manyazi. Chaka china chinabwera mochedwa, china sichinabwere n'komwe. Eni malo anaimitsa zonse m'chilimwe, osatsanzika n'komwe. Zimenezi zinawadya mumtima a Ettore zaka zambiri, chifukwa kwa iwo phirilo linangosiyidwa losatseka.

Mayi Delfina atamwalira, mwana wawo Nives anabwera kudzawatenga kuti akakhale naye mumzinda wa Torino. Mkuluyo anakanitsitsa kwamtuwagalu.

"Sindichoka ndisanatseke phiri."

"Bambo, inuyo kukwera phiri? Ndi maondo ake ati?"

"Omwewa. Ako ndi atsopano, koma anga amadziwa njira."

Awiriwo anakwera m'mawa wina wozizira, chipale chili chochepa ngati ufa wotayikira pansi. Maondo aja njira sanaidziwe. Pomwe pankatsetsereka anthu panali patamera mitengo yothithikana, ina yotalika kuposa nyumba. Nsanamira zachitsulo za chingwe chija zinali zitachita dzimbiri, ina itagwa n'kumereredwa ndi zitsamba. M'kanyumba ka makina, momwe ankadyera buledi ndi tchizi masana, munali ndowe za agwape. A Ettore ankangoyang'ana uku ndi uku ngati mlendo pamsika. Akaloza kolakwika, Nives ankangowagwira mkono n'kuwakhotetsa. Zinamupweteka kuona bambo ake akusochera pakhomo pawo pomwe.

Anafika pamwamba mkuluyo ali wefuwefu. Anapuma, anakonza chipewa, n'kufuula.

"Alipo watsalaaa?"

Mawu anatuluka osasa. Khwangwala anauluka pansanamira, kenako kunali zii.

Anafuulanso. Ulendo uno Nives anazindikira kuti bambo ake akudikiradi yankho, kaya la a Delfina, kaya la anzawo a pantchito amene ena ali kumanda, ena anathawira m'tauni. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Palibe, bambo. Onse anatsika kalekale."

"Ndiye tsogola, mwanangu. Wotseka amabwera pambuyo."

Nives anayang'ana miyendo yawo ikunjenjemera, ndodo yawo yoyendera ikulephera kulasa chipale. Sanasunthe.

"Ayi, tsogolani inuyo. Wotsala paphiri pano ndinu. Lero ndikutseka ndine."

A Ettore anatsegula pakamwa kuti akane. Koma mwambo ankaudziwa kuposa aliyense, ndipo ndi iwo omwe ankauza zidakwa zija kuti amene wapezeka paphiri satsutsana ndi wotseka. Anatembenuka n'kuyamba kutsika, ndipo kwa nthawi yoyamba paphiri limenelo anamva mapazi a munthu kumbuyo kwawo.