Makoma Otuluka Thukuta

Zinayamba ndi kachifuwa ka m'mamawa, mwezi wa Meyi, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Amuna anga, a Tembo, anali atangowatumiza kukaphunzitsa ku Kasenengwa, ndipo tinalowa m'nyumba ya zidina imene anaimata mvula isanathe. Ukadina khoma, chala chinkalowa.

Chisanu chitafika tinatseka zenera ndi chiguduli, n'kumasonkha moto m'nyumba momwemo. Nkhuni zinkatha ngati tikuphika mowa, koma nyumba osafunda. Moto ukayaka makoma ankatuluka thukuta, bulangete linkakhala lonyowa, kuseri kwa bokosi kunachita chuku. Loweruka lililonse amayi a mpingo ankabwera kudzaona ukhondo wa mkazi wa mphunzitsi, choncho ndinkazira pansi ndi dothi kuti chukucho chisaoneke. Nyumba yonyowa kale, n'kumaithiranso madzi pofuna kusangalatsa alendo!

Mu Juni thupi linayamba kutentha, m'nthiti mukubaya ndikamapuma. Esinati, mwana wanga wakhanda, nayenso anayamba kubanika. Anansi anati n'chimfine cha chisanu, chitha chokha. Tinadikira. Mu Julaye m'pamene inapezeka ngolo yotitengera kuchipatala cha ku Boma.

Tinakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala atamvetsera pachifuwa panga anati, "Chibayo. Mumagona ponyowa, mayi?" Ine anandigoneka m'chipinda cha amayi, mwana n'kupita naye kwina. M'mawa uliwonse namwino ankandiika kagalasi koyezera kutentha m'kamwa, n'kundimwetsa mapiritsi owawa ndi phala. Mkaka unauma. Ndikafunsa za Esinati ankangoti, "Yambani mwachira inu."

Kutentha kutatsika, a Tembo anabwera, nakhala pansi pafupi ndi bedi langa, chipewa chili m'manja. Mwana anali atamwalira sabata yoyamba yomwe ija, ndipo achipatala anamuika m'manda ine ndikubwebweta. Ndinalakalaka chibayocho chikanatenga ine.

Ndinatuluka mu Ogasiti. Nyumba ija inauma yokha ndi dzuwa la Okutobala, popanda chikuni n'chimodzi chomwe.

Lero ndimalima ndi kutunga madzi, ngakhale chisanu chikafika chifuwa chimalira. Sindinaberekenso. Anzanga, musalowe m'nyumba dothi lisanaume, moto suumitsa khoma zenera lili chitsekere. Ndipo mwana akayamba kupuma mothamanga, musafunse kwa anansi, m'berekeni muuyambe ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo. Manda a Esinati ali ku Boma, koma mpaka lero sindidziwa kuti ndi ati.